Kukonzekeretsa Galimoto ndi Njinga Yamoto Chisanu cha ku UK Chisanafike

Chaka chilichonse, m'mawa woyamba umene magalasi a magalimoto adzuka atayera mbuu, foni yanga imayamba kulira 6 koloko isanakwane. Mawu ake amakhala amodzimodzi: "Achimwene, galimoto yakana kulira, ndipo gogo wanga woyamba ndiyenera kumufikira 7." Ambiri mwa oyimbawo ndi abale athu amene abwera kuno zaka zochepa zapitazi, akusamalira okalamba khomo ndi khomo, ndipo anagula kagalimoto kotchipa nthawi yotentha, kakuyenda bwinobwino mpaka tsiku limenelo. Ine umakanika ndinauphunzira ku Ndirande, ndipo ndinafika kuno ndikudziyesa katswiri. Chisanu choyamba chinandionetsa kuti kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndi chibwana. Ndatopa kufotokoza zomwezomwezi ndili m'bulangeti, ndiye ndalemba pano kamodzi.

Ntchitoyi muigwire mu Okutobala, mawotchi asanabwezedwe Lamlungu lomaliza la mwezi umenewu. Akangobweza, mdima umakupezani musanafike pakhomo, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Simufunika garaja yeniyeni, pabwalo pakhomo mpokwanira. Mupeze multimeter yoyezera magetsi a batire, kachipangizo kena koyezera mphamvu ya antifreeze (mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana), tochi, beseni lakale, sipanala ya 10, magolovesi ndi khobidi la 20p.

Zinthu ziwiri musanayambe. Musalowe pansi pa galimoto imene yangoima pa jeke. Ikani ma axle stand, miyendo yachitsulo ija yochirikizira. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Ndipo ngati muli ndi garaja, musalize injini chitseko chili chotseka chifukwa choti kunja kukuzizira. Mpweya woipa wa mu utsi wa galimoto, carbon monoxide, sununkha, umangokugonetsani tulo tosadzuka nato.

1. Batire

Mwa mafoni a m'mawa aja, ochuluka vuto limakhala ili. Kukazizira batire limachepa mphamvu, pomwe oyilo wa mu injini walimba ndipo sitata ikufuna mphamvu yochuluka kuposa masiku onse. Batire limene linkalimbikira mu Ogasiti limagonja pa chisanu choyamba.

Galimoto itagona usiku wonse, ikani multimeter pa DC 20V, waya wofiira pa + ndipo wakuda pa −. Ikawerenga 12.6, batire ndi lodzaza. 12.4 ndi bwinoko. 12.2 ndiye kuti lili theka. Pansi pa 12.0 latheratu. Kenako lizani injini muyezenso. Muyenera kuona pakati pa 13.7 ndi 14.7, kusonyeza kuti alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, ikugwira ntchito. Ikakhalabe cha m'ma 12, musathamangire kukagula batire latsopano, nalonso likafa sabata yomweyo. Vuto lili kwa alternator kapena lamba wake. Magalimoto ena atsopano amasinthasintha katchajidwe paokha, choncho yatsani nyali ndi hita poyezapo.

Achemwali a ntchito yoyenda khomo ndi khomo, batire lanu limavutika kuposa la wina aliyense. Injini mumailiza kakhumi kapena kupitirira pa tsiku, ulendo uliwonse mphindi zisanu, nyali, mawaipa ndi hita zonse zikuyaka. Alternator sipeza mpata wobweza zimene sitata yadya. Kamodzi pa sabata yendani ulendo wa mphindi 30 kapena 40 osazimitsa, kapena gulani tchaja yolumikiza kumagetsi a m'nyumba.

Batire likapitirira zaka zisanu, lisintheni lisanakuchititseni manyazi. Ngati galimoto yanu ndi ija imazima yokha pa maloboti, imafuna batire la mtundu wa AGM kapena EFB, lotchipa wamba silikhalitsa, ndipo ina imafuna kuti kompyuta yake iuzidwe kuti mwaika latsopano. Pochotsa yambani ndi waya wa −, pobwezera mumalize ndi womwewo. Zoyera zangati ufa pa mitu ya batire zipaleni ndi bulashi yawaya, mumange zolimba, mupake girizi pang'ono.

Zokankha muiwale. Kwathu mukangoimika dzanja anyamata anayi atulukira. Kuno 6 koloko m'mawa msewu uli zii, ndipo galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha.

2. Madzi a mu injini

Apa mpamene ndichedwepo, chifukwa mpamene chizolowezi chakwathu chimaphera injini. Kwathu radiyeta ikachepa madzi timatunga pampopi kapena pachitsime n'kuthira, ulendo nkumapitirira. Ine ndinachita zomwezo chaka changa choyamba. Kagalimoto kanga kankadontha pang'ono, ndiye ndinkangowonjezera madzi a pampopi sabata iliyonse, osadziwa kuti ndikusungunula antifreeze amene analimo. Tsiku lina mu Januwale ndinapeza pansi pa galimoto pali ayisi wa mtundu wa dzimbiri, atauma ngati phala la dzulo. Radiyeta inali itang'ambika m'mbali. Ndinachita mwayi kuti sinali injini.

Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndipo chitsulo sichitanuka. Amang'amba radiyeta, amatulutsa tizivundikiro ta m'mbali mwa injini, nthawi zina amaswa buloko yeniyeniyo. Antifreeze ndi mankhwala amene amasakanizidwa ndi madzi kuti asaundane, komanso amateteza dzimbiri mkati. Mukasakaniza theka ndi theka, madziwo amapirira mpaka cha pa −36°C. Kuzizira koopsa kumene kunalembedwapo mu UK ndi −27.2°C, ku Scotland, ndiye theka ndi theka ndi wokwanira kulikonse kumene muli. Musaganize kuti kuthira wosasungunula yekhayekha nkuchenjera: ameneyo payekha amaundana cha pa −13°C, ndipo sachotsa kutentha bwino.

Choyamba yezani. Injini ikhale yozizira ndithu. Chivundikiro cha kathanki ka madzi musachitsegule injini ili yotentha, madziwo amatumphuka ngati mphika wa nyemba n'kukusupulani nkhope. Onani ngati madzi ali pakati pa MIN ndi MAX, kenako yamwitsani pang'ono m'kachipangizo koyezera kaja. Kakasonyeza chitetezo cha −25°C kapena kutsikirapo, ndipo madziwo ndi oyera bwino mtundu wake, tsekani mupite pa nambala 3. Akakhala ofooka, kapena abulauni ngati tiyi wamkaka, kapena simukudziwa chimene mwini wakale ankathira, asintheni onse.

Pogula musadalire mtundu. Kale wabuluu ndi wobiriwira anali a zaka ziwiri, wapinki ndi wofiira a zaka zisanu, koma lero kampani iliyonse imapaka utoto umene yafuna. Onani m'buku la galimoto, kapena perekani nambala ya galimoto kusitolo ya zipangizo akupezereni woyenera. Mitundu ina mukaisakaniza imapanga matope otseka timapayipi ta hita. Onaninso pa botolo: "concentrate" ndi wofuna kusungunula, "ready mixed" ndi wosakaniza kale ndipo simuthiramo madzi.

Kukhetsa nkosavuta. Ikani hita pa kutentha kotheratu, tsegulani chivundikiro cha kathanki, ikani beseni pansi, masulani kabawuti ka pansi pa radiyeta kapena vulani payipi yaikulu ya m'munsi. Ngati zotulukazo ndi zadzimbiri, tsukani ndi madzi mpaka atuluke oyera.

Tsopano nazi ziwiri zimene ambiri safotokoza.

Yoyamba: mukakhetsa, si madzi onse amene amatuluka. Ena amatsalira mu buloko ndi mu hita, nthawi zina ochuluka ndithu. Ngati mwatsuka ndi madzi wamba, otsalirawo ndi madzi okhaokha. Mukathirapo wosakaniza kale, amasungunuka ndi otsalira aja, ndipo mumatsala ndi chitetezo chofooka mukuganiza kuti mwamaliza. Chitani chonchi: onani m'buku kuti injini yanu imalowa malita angati onse pamodzi. Ngati ndi 6, thirani kaye malita 3 a concentrate, kenako mudzazitse ndi madzi a deionised, aja amagulitsa othira mu ayironi ndi m'mabatire. Mukatero theka ndi theka wakwana ngakhale mkati munatsalira madzi. Madzi a pampopi a madera ambiri a ku England ali ndi laimu. Taonani mkati mwa ketulo yanu, zoyerazo n'zimene zingamere mu radiyeta.

Yachiwiri, yovuta kwambiri, ndi kutulutsa mpweya. Pothira madzi atsopano, mpweya umatsekeredwa m'malo okwera a injini ndi mu hita. Pamene pali mpweya madzi sadutsa, malo amenewo amatentha mopitirira, ndipo gasiketi ya hedi imapsa. Ndaonapo anthu akuwononga injini yabwinobwino tsiku lomwelo limene amati akuisamalira.

Imikani galimoto mutu uli chokwera, kuti kathanki kakhale pamwamba pa zonse. Fufuzani timasikuluwu totulutsira mpweya. Magalimoto ambiri ali nato kamodzi kapena tiwiri, pa payipi yopita ku hita kapena pafupi ndi thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikatentha. Timasuleni pang'ono. Thirani madzi pang'onopang'ono, ngati mukuthira mafuta a nyale m'botolo la kukamwa kochepa, osati kukhuthula. Pa kasikuluwu mudzamva kaye "fyii", kenako thovu, kenako madzi oyenda osadukiza. Akafika pamenepo mangani, koma mwaulemu, tambiri ndi tapulasitiki ndipo timathyoka. Finyani payipi yaikulu ya pamwamba kangapo ndi dzanja. Muona thovu likubwera m'kathanki ndipo madzi akutsika. Wonjezerani mpaka pa MAX.

Lizani injini chivundikiro chili chotsegula, hita pa kutentha kotheratu koma fani yake pang'ono. Imani pomwepo, osapita kukaphika tiyi. Madzi akatsika wonjezerani. Pakapita mphindi zingapo, akayamba kutentha ndi kukwera, tsekani chivundikiro. Dikirani mpaka mapayipi onse awiri aakulu atenthe, kusonyeza kuti thermostat yatseguka, ndiponso mpaka fani ya radiyeta izungulire n'kuima yokha. Manja, malaya ndi mawaya zikhale kutali ndi faniyo, imayamba osakuuzani. Diso lina likhale pa geji ya kutentha: ikapitirira pakati n'kumakwerabe, zimitsani msanga, dikirani izizire, muyambirenso.

Mudziwa bwanji kuti mpweya watha? Lowani mkati muike dzanja pa hita. Ikamatulutsa mpweya wotentha ndithu injini ikungolira yokha osapondedwa moto, zatheka. Ikamatulutsa wozizira pomwe geji ikuti injini yatentha, kapena mukamva "kulukulu" kuseri kwa dashibodi ngati m'mimba mwa munthu wanjala, mpweya udakalimo. Mawa lake m'mawa, injini itazizira, onaninso mulingo; nthawi zambiri umakhala utatsika pang'ono. Muzionanso masiku atatu otsatira.

Ngati galimoto yanu ndi hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, ngati Toyota Prius, kapena ili ndi pampu ya madzi yoyendera magetsi monga ma BMW ambiri, kuyeza chitani nokha koma kusintha pitani nayo ku garaja. Kutulutsa mpweya kwake kuli ndi njira yakeyake.

Za thermostat: kwathu galimoto ikamawira amakanika ena amangoichotsa n'kuitaya. Kuno musayerekeze. Popanda iyo injini siifika pa kutentha kwake, hita imakhala yozizira, galasi silichoka nthunzi, ndipo mafuta amatha ngati akutayikira pansi.

Madzi akalewo athireni m'chigubu, mulembepo, mukasiye kumalo a khonsolo otayira zinyalala, kumene kuno amati ku tip. Musathire m'ngalande ndipo musasiye beseni poyera. Antifreeze amatsekemera, mphaka kapena galu akanyambita pang'ono chabe impso zimafa, ndipo kwa mwana ndi poizoni chimodzimodzi.

Tsiku lina mukadzapeza kuti madzi aundana kale m'kathanki, musalize injini. Pampu yogwidwa ndi ayisi itha kudula kapena kudumphitsa lamba wa timing. Dikirani asungunuke.

3. Matayala

Lamulo likuti mizere ya tayala la galimoto isachepere 1.6 mm, pa magawo atatu mwa anayi a pakati, kuzungulira tayala lonse. Lowetsani khobidi la 20p mumzere. Mkombero wakunja wa khobidilo ukamaoneka, tayala latsala pang'ono kapena latha kale. Yezani malo angapo, makamaka m'mbali yamkati imene simuiona mutaima. Chindapusa chimafika £2,500 ndi mapointi 3 achilango pa laisensi pa tayala lililonse. Inu amene mwangokhoza kumene mayeso a kuno oyendetsa galimoto, mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba amalanditsa laisensi. Matayala awiri adazi akwana.

Ine m'nyengo yozizira sindidikira 1.6, ndimasintha pa 3 mm. Matayala a kaunjika, amene kuno amati part-worn, ndimawakayikira: onani manambala anayi a m'mbali, monga 2319, kutanthauza sabata ya 23 chaka cha 2019. Lakale kwambiri limakhala louma ngakhale mizere ilipo. Ngati mukukhala ku Scotland kapena kumidzi kumene galimoto yothira mchere imafika mochedwa, matayala a all-season okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi kanyenyezi ka snow ndi ndalama yogwiritsa bwino. Kukazizira mpweya umatsika wokha, choncho popani mogwirizana ndi chikwangwani cha pa chitseko cha dalaivala, matayala ali ozizira. La sipeya nalonso.

4. Galasi, mawaipa ndi nyali

M'kathanki ka madzi otsukira galasi thirani screenwash wa nyengo yozizira, wolembedwa −10°C kapena kutsikirapo. Madzi wamba amaundana m'timapayipi, ndiye muli pa motorway, lole yakuwazani matope amchere, mukukoka kandodo koma palibe chotuluka. Sopo wotsukira mbale ayi, antifreeze wa mu injini ayi, amawononga penti. Mawaipa akamasiya mizere asintheni. Musawayatse atamatirira ku galasi ndi ayisi, mumang'amba labala kapena kupsereza fyuzi.

Madzi a m'ketulo pa galasi loundana: musatero. Kamng'alu kakang'ono kamene kanalipo kamathamanga galasi lonse mukuona. Palani ndi chopalira chapulasitiki ndi de-icer (mankhwala opopera osungunula ayisi), magalasi onse, osati kabowo kosuzumira. Highway Code imafuna kuti muziona bwino mbali zonse musananyamuke. Ndipo musasiye galimoto ikulira panja inu muli m'nyumba. Akuba amayendera m'mawa wotere, ndipo a inshuwalansi ambiri salipira ngati makiyi anali momwemo.

Nyali zonse ziyeseni, wina akuponderani buleki. Nyali za chifunga ndi za pamene simukuona kupitirira mamita 100, kukayera zizimitseni.

5. Mchere ndi mabuleki

Magalimoto achikasu amene amawaza timiyala usiku aja akuthira mchere kuti msewu usaundane. Mcherewo ndi umene umadya magalimoto a kuno kuchokera pansi. Yang'anani ndi tochi timapayipi tachitsulo ta mabuleki. Tikakhala totupa ndi dzimbiri kapena tonyowa, pitani ku garaja osadikira MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera msewu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. M'nyengo yonseyi muzitsuka kunsi ndi m'makhwapa mwa matayala sabata ziwiri zilizonse, pamwamba pokha mpongodzionetsera.

Pa chivundikiro cha oyilo mukapeza zoyera zangati mayonezi musathamange mtima. Pa galimoto ya maulendo aafupi nthawi zambiri ndi chinyezi chabe. Zikhala nkhani ngati madzi a mu injini nawonso akuchepa osaona podontha.

6. Mavani ndi magalimoto a dizilo

Dizilo akazizira kwambiri amachita phula n'kutseka fyuluta. Malo omwetsera mafuta amagulitsa dizilo wa nyengo yozizira kuyambira pakati pa Novembala mpaka pakati pa Malichi, wopirira mpaka −15°C, ndiye vuto limagwera vani imene yakhala itaima ndi mafuta a mu Sepitembala. Ithireni atsopano. Potembenuza kiyi dikirani kanyali kangati sipuling'i kazime musanalize. Ikamavuta kulira m'mawa n'kumatulutsa utsi woyera, ma glow plug ena, tizitsulo totenthetsa mu injini ya dizilo isanalire, afa. Kanyali ka DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, kakayaka, musakanyalanyaze: pitani pa msewu waukulu muyende mphindi 20 kapena kuposerapo pa liwiro lokhazikika kuti mwayewo upse. Amalole okhala ndi mabuleki a mpweya, khetsani madzi m'mathanki a mpweya, akaundana mavavu amagwira.

7. Njinga yamoto

Ngati muziyendabe nayo, monga anyamata operekera zakudya, mdani wanu ndi mchere. Mukafika pakhomo itsukeni ndi madzi ozizira, otentha amafulumizitsa dzimbiri. Tcheni chipukuteni n'kuchipaka mafuta pafupipafupi, zitsulo zoonekera muzipopere mankhwala oteteza dzimbiri, koma asakhudze ma disc, mabuleki kapena matayala. Lamulo la mizere pa njinga yoposa 50cc ndi 1 mm, koma pa mawilo awiri mumsewu wonyowa musafike kumeneko. M'mawa wa ayisi isiyeni, palibe oda imene ingalipire mwendo.

Ngati mukuiimika mpaka Malichi, itsukeni, iume, musinthe oyilo. Dzazani thanki kuti mkati musachite dzimbiri, ndipo thirani petulo wa E5, uja wodulirapo. Petulo wamba wa E10, amene anayamba mu Sepitembala 2021, ali ndi ethanol wochuluka amene amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda. Ya kabuleta, khetsani petulo wa m'kabuletamo. Batire lilumikizeni ku katchaja kosunga mphamvu, kapena lichotseni mulisunge m'nyumba. Batire lopanda moto limatha kuundana n'kusweka. Popani matayala, muikweze pa sitandi ngati muli nayo, tsekani ekizozi ndi kansanza kuti mbewa zisamangemo, mufunditse nsalu yopitisa mpweya osati pulasitiki. Chizolowezi choiliza mphindi zisanu Lamlungu lililonse chisiyeni, chimangodzaza chinyezi mu injini ndi kudya batire. Ngati mukufuna kuleka kulipira msonkho wa pamsewu miyezi imeneyi, lembetsani SORN, chidziwitso choti njingayo sikuyenda pamsewu, ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, koma njingayo ikhale pamalo anu, osati mumsewu.

8. Za m'buti

Chopalira ayisi, de-icer, tochi, bulangeti, jekete yowala, chingwe chotchajira foni, botolo la madzi, mabisiketi ndi mawaya ojampira. Thanki isamatsike pansi pa kota, chifukwa msewu ukatsekeka ndi snow hita ndi imene ikusungeni.

Pojampa, dongosolo ndi ili: wofiira pa + ya batire lakufa, mbali inayo pa + ya lamoyo, wakuda pa − ya lamoyo, ndipo mbali yomaliza pa chitsulo chopanda penti cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Lizani yamoyo, dikirani mphindi zingapo, kenako yesani yanu. Pochotsa yambirani kumene munamalizira. De-icer mmodzi muzisunga m'nyumba. Amene ali m'buti sangakuthandizeni tsiku limene zitseko zamatirira.